AugerPrime

AugerPrime ndi ntchito yokonzanso ndi kuwonjezera zipangizo za pamalo ofufuzira a Pierre Auger Observatory, omwe ali pafupi ndi tawuni ya Malargüe, m'chigawo cha Mendoza, kumadzulo kwa dziko la Argentina. Malowa ndi aakulu kuposa ena onse padziko lapansi oyezera cheza champhamvu kwambiri chochokera kuthambo, chimene asayansi amachitchula kuti cosmic rays. Zipangizo zake zinamwazidwa pa chidikha chachikulu masikweya kilomita 3,000.

Cholinga chachikulu cha AugerPrime ndi kudziwa mtundu wa tinthu timene timafika kuchokera kuthambo, kaya ndi topepuka ngati pulotoni kapena tolemera ngati phata la atomu ya ayironi. Popanda kudziwa zimenezi n'kovuta kulondola kumene tinthu tamphamvu kwambiriti timachokera, funso limene lakhala losayankhidwa kwa zaka zoposa 60. Mayiko oyendetsa malowa anagwirizana za ntchitoyi mu 2015, zipangizo zoyesera zinaikidwa mu 2016, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo inatha mu 2024.

Cheza cha kuthambo

Ngakhale chimatchedwa cheza, chimene chimafikacho si kuwala ayi. Ndi tinthu ting'onoting'ono tothamanga pa liwiro loyandikira kwambiri liwiro la kuwala. Tambiri ndi mapulotoni, ndipo totsalato ndi maphata a maatomu monga a hiliyamu, kaboni, nayitirojeni ndi ayironi. Wasayansi wa ku Austria, Victor Hess, ndi amene anasonyeza mu 1912 kuti chezachi chimachokera kunja kwa dziko lapansi. Iye anakwera m'chibaluni mpaka kupitirira mamita 5,000 ndipo anapeza kuti chezachi chimachuluka munthu akamakwera. Analandira mphoto ya Nobel mu 1936.

Mphamvu ya tinthuti amaiyeza ndi muyezo wotchedwa electronvolt, mwachidule eV. Pa tinthu tamphamvu kwambiri amagwiritsa ntchito EeV, ndipo EeV imodzi ndi 10¹⁸ eV. Makina aakulu othamangitsira tinthu a Large Hadron Collider, omwe ali m'malire a Switzerland ndi France, amapatsa pulotoni mphamvu ya 6.8 × 10¹² eV. Kanthu ka kuthambo ka 10²⁰ eV kamaposa pamenepo nthawi zoposa 10 miliyoni.

Kanthu koyamba ka mphamvu ya 10²⁰ eV kanapezeka mu 1962 ndi John Linsley pamalo otchedwa Volcano Ranch, ku New Mexico. Pa 15 Okutobala 1991, makina a Fly's Eye ku Utah anaona kanthu ka pafupifupi 320 EeV. Mphamvu imeneyi ikufanana ndi ya mwala wa kilogalamu imodzi umene wagwa kuchokera pamwamba pa mamita 5, koma yonseyo inali m'kanthu kochepa kuposa atomu.

Vuto ndi lakuti tinthu totere n'tosowa. Ta mphamvu yochepa timafika tambirimbiri sekondi iliyonse, koma topitirira 10²⁰ eV timafika kosakwana kamodzi pa sikweya kilomita imodzi pa zaka 100. Chipangizo cha sikweya mita imodzi chokwezedwa pa setilaiti chingadikire zaka zoposa 100 miliyoni kuti chikumane ndi kanthu kamodzi. N'chifukwa chake tinthuti amatiyezera pansi, pogwiritsa ntchito zipangizo zomwazikana pa malo aakulu kwambiri.

Mvula ya tinthu mumpweya

Kanthu ka kuthambo sikafika pansi kali kamphumphu. Kakalowa mumpweya wozungulira dziko, kamawombana ndi phata la atomu ya nayitirojeni kapena okosijeni, ndipo pakuwombanako pamabadwa tinthu tatsopano tambiri, makamaka totchedwa pion. Tatsopanoti timawombananso ndi maatomu ena kapena kusweka tokha, mpaka pamakhala khamu la tinthu mabiliyoni ambiri lotsika ngati mbale yopyapyala pa liwiro loyandikira la kuwala. Imeneyi ndiyo mvula ya tinthu. Ikafika pansi imakuta dera la masikweya kilomita angapo kapena makumi angapo. Wasayansi wa ku France, Pierre Auger, ndi anzake anafotokoza za mvulayi mu 1938, ataona kuti zipangizo zoikidwa motalikirana zinkagwira tinthu pa nthawi imodzimodzi.

Mvula ya tinthu ili ndi mbali ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi ya maelekitironi, ma positron ndi tinthu ta kuwala totchedwa photon. Mbali imeneyi imachuluka mpaka kufika pachimake, kenako imachepa chifukwa mpweya umaimeza. Yachiwiri ndi ya ma muon, tinthu tofanana ndi maelekitironi koma tolemera kuwaposa nthawi pafupifupi 200. Ma muon amadutsa mpweya, madzi ngakhale nthaka mosavuta.

Mbali ziwirizi ndi zimene zimaulula mtundu wa kanthu koyambako. Phata la ayironi lili ndi mapulotoni ndi manyutuloni 56, ndipo likamawomba mpweya limakhala ngati tinthu 56 togawana mphamvu imodzi. Choncho mvula yake imayamba msanga, imafika pachimake ikadali m'mwamba, ndipo imakhala ndi ma muon ochulukirapo. Pulotoni ya mphamvu yofanana imalowa mozama mumpweya ndipo imabala ma muon ocheperapo. Kuzama kumene mvula yafikira pachimake amakutchula kuti Xmax.

Malowa asanakonzedwenso

Maganizo omanga malowa anachokera kwa James Cronin wa ku University of Chicago, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1980, ndi Alan Watson wa ku University of Leeds, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Anasankha chidikha cha Pampa Amarilla, chomwe chili m'munsi mwa mapiri a Andes pa mamita pafupifupi 1,400 kuchokera pamwamba pa nyanja, chifukwa ndi chathyathyathya, chouma, chokhala ndi anthu ochepa, ndiponso thambo lake limakhala loyera usiku. Kuyeza kunayamba mu Januwale 2004 ntchito yomanga ikadali mkati, ndipo malowa anatha kumangidwa mu 2008. Amayendetsedwa ndi asayansi mazana angapo ochokera m'mayiko oposa 15.

Malowa amayeza mvula ya tinthu m'njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi ya mathanki a madzi okwana 1,660. Ambiri anaikidwa motalikirana mamita 1,500. Thanki iliyonse ndi ya mamita 3.6 m'mimba mwake ndipo ili ndi malita 12,000 a madzi oyeretsedwa bwino, akuya mita 1.2. M'madzi kuwala kumayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi m'malo opanda kanthu, choncho tinthu ta mvula ija timatha kuthamanga kuposa kuwala m'madzimo. Zikatero timatulutsa kuwala kobiriwira ngati thambo kotchedwa Cherenkov. Pamwamba pa madziwo pali zipangizo zitatu zomva kuwala zotchedwa photomultiplier, mwachidule PMT, zimene zimasandutsa kuwalako kukhala magetsi. Thanki iliyonse imadziimira payokha: ili ndi sola, mabatire, wotchi ya GPS ndi wailesi yotumizira zoyezedwa ku likulu ku Malargüe. Poyerekeza nthawi imene mvula yafika pa mathanki osiyanasiyana, makompyuta amapeza mbali ya thambo kumene kanthuko kachokera. Mathanki amagwira ntchito usana ndi usiku chaka chonse. Njira ya mathanki a madzi inagwiritsidwapo kale ntchito ku Haverah Park, ku England, kwa zaka pafupifupi 20.

Njira yachiwiri ndi ya matelesikopu 27. Mwa amenewa, 24 ali m'nyumba zinayi za m'mphepete mwa chidikhacho, ku Los Leones, Los Morados, Loma Amarilla ndi Coihueco, ndipo atatu owonjezera ali ku Coihueco moyang'ana m'mwamba kwambiri. Mvula ya tinthu ikamadutsa mumpweya imachititsa nayitirojeni kutulutsa kuwala kofooka kosaoneka ndi maso. Matelesikopu amajambula kuwalako ndipo amaona mmene mvulayo ikukulira ndi kuchepera, motero amayeza mphamvu yake ndi Xmax mwachindunji. Koma amagwira ntchito usiku wa mdima wokha, kopanda mwezi wowala kapena mitambo, zomwe ndi pafupifupi 15 peresenti ya nthawi yonse.

Zimene zinapezeka pa gawo loyamba

Mu 2008, Auger ndiponso malo ena otchedwa HiRes ku Utah analengeza kuti chiwerengero cha tinthu chimatsika mwadzidzidzi mphamvu ikapitirira pafupifupi 40 EeV mpaka 60 EeV. Zimenezi zinkaoneka ngati zikutsimikiza zimene Kenneth Greisen, Georgiy Zatsepin ndi Vadim Kuzmin ananeneratu mu 1966. Iwo anati mapulotoni amphamvu chonchi amawombana ndi cheza chofooka chotsala kuchokera pa chiyambi cha chilengedwe, chomwe chili ponseponse kuthambo, ndipo amataya mphamvu panjira. Malire amenewa amatchedwa GZK, potengera zilembo zoyamba za mayina awo.

Mu 2017, Auger inalengeza kuti tinthu topitirira 8 EeV sitifika mofanana kuchokera mbali zonse za thambo. Mbali imodzi imatumiza tochulukirapo ndi pafupifupi 6 peresenti, ndipo mbaliyo ili kutali ndi pakati pa mlalang'amba wathu wa Milky Way. Umenewu unali umboni wamphamvu woyamba wakuti tinthuti timachokera kunja kwa mlalang'amba wathu. Panaonekanso kuchulukirako kwa tinthu tamphamvu kwambiri kuchokera cha kudera la thambo kumene kuli mlalang'amba wa Centaurus A ndi wa NGC 4945, koma umboni wake sunafike pa mlingo umene asayansi amafuna kuti anene kuti apezadi gwero.

Zotsatira zina ziwiri sizinali zoyembekezeka. Choyamba, matelesikopu anasonyeza kuti tinthu timakhala topepuka kwambiri cha pa 2 EeV, ndipo kuchokera pamenepo timanka tilemerera mphamvu ikamakwera. Asayansi ambiri ankayembekeza kuti tinthu tamphamvu kwambiri tidzakhala mapulotoni okhaokha. Chachiwiri, mathanki anapeza ma muon ambiri kuposa amene mapulogalamu a kompyuta oyerekezera mvula ya tinthu ankanena, ngakhale mapulogalamuwo anakonzedwa potengera zoyezedwa ku Large Hadron Collider.

Chifukwa chokonzeranso

Zotsatirazi zinasiya mafunso atatu.

Funso loyamba ndi la chifukwa chenicheni chimene tinthu timachepera pa mphamvu zazikulu. Mwina ndi malire a GZK, kapena mwina zinthu za kuthambo zimene zimathamangitsa tinthuti zimafika pamapeto a mphamvu zake. Ngati yankho lili lachiwirilo, mapulotoni ayenera kutha poyamba, kenako hiliyamu, kenako nayitirojeni, ndipo ayironi pomalizira, chifukwa mphamvu imene gwero lingapereke imakula molingana ndi chiwerengero cha mapulotoni m'phatamo. Kusiyanitsa mayankho awiriwa kumafuna kudziwa mtundu wa tinthu pa mphamvu zopitirira 40 EeV.

Funso lachiwiri ndi lakuti kodi n'zotheka kuloza gwero la tinthuti. Mphamvu ya maginito imene ili m'mlalang'amba wathu imakhotetsa njira ya kanthu kalikonse ka chaji ya magetsi. Pulotoni ya mphamvu yaikulu kwambiri imakhota madigiri ochepa okha, koma phata la ayironi, lomwe lili ndi mapulotoni 26, limakhota nthawi pafupifupi 26 kuposa pamenepo, ndipo kumene likuoneka kuti likuchokera sikumene lachokera. Ngati pakati pa tinthu tamphamvu kwambiri pali mapulotoni ngakhale 10 peresenti yokha, ndipo n'zotheka kuwapatula, akhoza kulozera kumene anabadwira. Kupeza gawo lotere ndi chimodzi mwa zolinga zimene AugerPrime inadziikira.

Funso lachitatu ndi la ma muon owonjezerawo. Kuwombana kumene kumachitika mumpweya ndi kwamphamvu kuposa kumene makina alionse opangidwa ndi anthu angafike, choncho kusiyanaku kungasonyeze kuti pali zina zimene sizikumveka bwino za mmene tinthu timawombanirana.

Matelesikopu paokha sakanatha kuyankha mafunsowa. Popeza amagwira ntchito nthawi yochepa, tinthu topitirira 40 EeV timene anayeza tinali tochepa kwambiri. Mathanki ankagwira tinthu tochuluka zedi, koma kuwala kwa m'madzi kunali kosakanikirana, kwa ma muon ndi kwa maelekitironi pamodzi. Njira yotulukira inali yopatsa mathankiwo luso losiyanitsa mbali ziwirizi, m'malo momanga malo atsopano.

Bokosi la pamwamba pa thanki

Chipangizo chachikulu chatsopano ndi bokosi lathyathyathya la aluminiyamu loikidwa pamwamba pa thanki, lotchedwa Surface Scintillator Detector, mwachidule SSD. M'kati mwake muli timatabwa 48 ta pulasitiki wapadera amene amathwanima kanthu ka chaji ya magetsi kakamudutsa. Kathabwa kalikonse ndi kotalika mamita 1.6, sentimita 5 m'lifupi ndi sentimita imodzi kuchindikala, ndipo tonse pamodzi timakuta masikweya mita 3.8. Tizingwe topyapyala tonyamula kuwala timadutsa m'timatabwato n'kukasonkhana pa PMT imodzi.

Bokosili ndi thanki zimamva mvula imodzimodziyo mosiyana. Pulasitiki ndi wopyapyala, choncho muon ndi elekitironi zimasiya kuwala kofanana zikamudutsa, ndipo popeza maelekitironi ndi ochuluka, iwo ndi amene amamveka kwambiri. M'thanki zinthu zimasiyana: elekitironi imaima itangolowa pang'ono m'madzi, pamene muon imadutsa madzi onse ikuwala njira yonseyo, motero ma muon amamveka kwambiri. Pokhala ndi miyezo iwiri yosiyana ya chinthu chimodzi, n'zotheka kuwerengera kuchuluka kwa mbali iliyonse. Zili ngati samu ya kusukulu ya khola la nkhuku ndi mbuzi: wodziwa chiwerengero cha mitu ndi cha miyendo amapeza kuti nkhuku zilipo zingati ndipo mbuzi zingati. Mabokosiwa anasonkhanitsidwa m'malabotale a ku Ulaya, n'kutumizidwa ku Argentina, ndipo anaikidwa pa mathanki ambiri kupatula a m'mphepete mwenimweni mwa malowo.

PMT yaing'ono ndi zamagetsi zatsopano

Thanki imene ili pafupi ndi pakati pa mvula yamphamvu imalandira kuwala kochuluka moti ma PMT atatu aakulu aja, omwe ndi a mainchesi 9, amadzaza ndipo sathanso kuyeza molondola. Pofuna kuthetsa vutoli, m'thanki munaikidwa PMT yachinayi ya inchi imodzi. Popeza ndi yaing'ono, imalandira kachigawo kochepa ka kuwalako ndipo siidzaza msanga. Cholinga chake ndi chakuti thanki iziyeza bwino ngakhale ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 250 kuchokera pakati pa mvula.

Zamagetsi za m'thanki iliyonse zinasinthidwanso. Zakale zinkayeza kuwala nthawi 40 miliyoni pa sekondi, pamene zatsopano zimayeza nthawi 120 miliyoni pa sekondi, ndiponso zimasiyanitsa milingo ya kuwala 4,096 m'malo mwa 1,024. Zili ndi wotchi ya GPS yolondola kwambiri komanso malo olumikizira zipangizo zatsopano zonse. Kufulumira kumeneku n'kofunika chifukwa ma muon amayenda molunjika ndipo amafika pansi patsogolo pang'ono, pamene maelekitironi amapatukapatuka panjira n'kufika mochedwerako. Maonekedwe a kuwala m'kanthawi kochepako amathandizanso kusiyanitsa mbali ziwirizi.

Eriyo ya mafunde a wailesi

Bokosi la pulasitiki limagwira bwino ntchito pa mvula yochokera cha pamwamba. Mvula yobwera chopendekeka kwambiri, kuchokera cha kufupi ndi kumene thambo limaoneka ngati lakhudza dziko, imadutsa mpweya wochuluka zedi, ndipo pofika pansi maelekitironi amakhala atatha, n'kutsala ma muon okha. Pa mvula yotere AugerPrime imadalira mafunde a wailesi.

Mphamvu ya maginito ya dziko lapansi imakankhira maelekitironi mbali imodzi ndi ma positron mbali ina, ndipo kupatukanaku kumatulutsa kamphindi ka mafunde a wailesi. Mafundewa samezedwa ndi mpweya, choncho amafika pansi atasunga uthenga wa kukula kwa mbali ya maelekitironi. Pamwamba pa thanki iliyonse panaikidwa eriyo ya mikombero iwiri yopingasana, ya mamita 1.2 m'mimba mwake, yomva mafunde a pakati pa 30 MHz ndi 80 MHz, omwe ali pansi pa mafunde a mawailesi a FM. Mvula ikapendekeka kwambiri, mafunde ake amakuta dera lalikulu moti maeriyo angapo amawagwira ngakhale ali motalikirana mamita 1,500. Eriyo imayeza mbali ya maelekitironi, thanki imayeza ma muon, ndipo miyezo iwiri ija imapezekanso. Luso limeneli linayesedwa kaye pa gulu la maeriyo oposa 150 lotchedwa AERA, lomwe lili pa masikweya kilomita 17 m'malo omwewo.

Zipangizo zokwiriridwa pansi

Pafupi ndi Coihueco pali dera la masikweya kilomita oposa 20 kumene mathanki anaikidwa moyandikana, pa mamita 750, ndipo ena pa mamita 433, kuti aziyeza mvula ya mphamvu yocheperapo. Pambali pa mathanki a m'derali panakwiriridwa timatabwa ta pulasitiki wothwanima tokuta masikweya mita 30 pa thanki iliyonse, pa kuya kwa mamita 2.3. Nthaka ya pamwamba imatchinga maelekitironi, ndipo amene amafika pansipo ndi ma muon pafupifupi okhaokha. Zipangizozi zimawerenga ma muon mwachindunji, motero zimagwira ntchito ngati sikelo yoyesera ngati kuwerengera kwa bokosi ndi thanki kukulondola.

Mapulani a AugerPrime anaphatikizaponso kuwonjezera maola ogwira ntchito a matelesikopu, powachepetsera mphamvu yomvera kuwala kuti azitha kuyang'ana ngakhale kuli mwezi pang'ono popanda kuwonongeka.

Kayendedwe ka ntchito

Mu Novembala 2015 nthumwi za mayiko zinasaina pangano ku Malargüe loti malowa apitirize kugwira ntchito mpaka 2025. Mathanki 12 oyamba okonzedwanso anayamba kuyeza kumapeto kwa 2016, kuti aone ngati zipangizozo zingapirire dzuwa, mphepo, fumbi ndi kuzizira kwa m'chidikhacho. Kenako mabokosi a pulasitiki anayamba kuikidwa mochuluka, zamagetsi zatsopano zinatha kuikidwa mu 2023, ndipo maeriyo anatha kuikidwa cha kumapeto kwa 2024.

Ntchitoyi inali yolemetsa chifukwa cha kukula kwa malowo. Mathanki ambiri ali m'malo odyetsera ziweto a anthu, kutali ndi misewu, ndipo ena ali m'madambo amene galimoto imatitimira mvula ikagwa. Amisiri ankayenera kufika pa thanki iliyonse kangapo, uku malowo akupitiriza kuyeza. Mliri wa COVID-19 ndi kusowa kwa tizipangizo ta zamagetsi padziko lonse kunachedwetsanso ntchitoyi. Mu Novembala 2024 kunasainidwa pangano latsopano loti malowa agwire ntchito mpaka 2035.

Ntchito yofanana nayo ku Utah

Auger ili kumwera kwa dziko lapansi, choncho sitha kuona thambo lonse la kumpoto. Thambo limenelo limayang'anidwa ndi Telescope Array, yomwe ili m'chipululu cha m'boma la Millard, ku Utah, m'dziko la United States, ndipo imayendetsedwa makamaka ndi asayansi a ku Japan, United States ndi South Korea. Inayamba kuyeza mu 2008 ndi zipangizo za pulasitiki wothwanima 507, zotalikirana makilomita 1.2, pa dera la masikweya kilomita pafupifupi 700, pamodzi ndi malo atatu a matelesikopu. Mu 2014 inalengeza kuti tinthu topitirira 57 EeV tikuoneka tochulukirapo cha kudera la nyenyezi za Ursa Major. Pa 27 Meyi 2021 inagwira kanthu ka 244 EeV, kamene kanapatsidwa dzina lakuti Amaterasu, ndipo kumene kanaoneka kuti kachokera kulibe gwero lodziwika.

Telescope Array inasankha njira ina yokonzeranso. Vuto lake lalikulu linali kuchepa kwa malo, choncho ntchito yake, yotchedwa TAx4, ndi yokulitsa derali kanayi poonjezera zipangizo 500 zotalikirana makilomita 2.08. Zipangizo 257 zoyamba zinaikidwa mu 2019. Motero Auger inawonjezera zimene imadziwa za kanthu kalikonse, pamene Telescope Array inawonjezera chiwerengero cha tinthu timene imagwira.

Magulu awiriwa sagwirizana pa zonse. Pa mphamvu zazikulu kwambiri Telescope Array imapeza tinthu tochulukirapo kuposa Auger. Kusiyanaku kungakhale kwa thambo lenilenilo, kumpoto ndi kumwera, kapena kwa mmene zipangizo zimayezera. Pofuna kudziwa zoona, magulu awiriwa ali ndi makomiti ogwirira ntchito limodzi, ndipo mathanki angapo a mtundu wa Auger anaikidwa ku Utah pakati pa zipangizo za Telescope Array kuti onse aziyeza mvula imodzimodzi. Mabokosi a pulasitiki a AugerPrime amathandizanso pa kuyerekezaku, chifukwa tsopano malo onse awiri ali ndi zipangizo za mtundu umenewu.

Zoyembekezeka

Kuwonjezera pa zipangizo, asayansi a Auger ayamba kugwiritsa ntchito mapulogalamu a kompyuta ophunzira okha, amene amayerekeza Xmax kuchokera pa zoyezedwa ndi mathanki okha. Mathanki okonzedwanso apereka njira yoyesera mapulogalamuwa, ndipo akalondola angagwiritsidwe ntchito kusanthulanso zonse zimene zinasonkhanitsidwa kuyambira 2004.

Pofika 2035, malowa akuyembekezeka kukhala ndi zoyezedwa za zaka pafupifupi 10 zimene mtundu wa tinthu ukudziwika bwinoko. Ngati mwa tinthu tamphamvu kwambiri mupezeka topepuka tokwanira, mapu a thambo opangidwa ndi tinthu timeneto tokha angasonyeze milalang'amba imene timachokera. Ngati tonse tili tolemera, kuloza magwero kudzadalira kudziwa bwino mphamvu ya maginito ya Milky Way ndi kumanga malo aakulu kwambiri kuposa a lero. Yankho limeneli ndi limene lidzatsogolere mapulani a malo ofufuzira amtsogolo, monga Global Cosmic Ray Observatory, amene asayansi akukambirana kuti adzakute masikweya kilomita zikwi makumi angapo.